Botolo la R850 la mwana wa autism: tigule kapena ayi?

Amake Chisomo: Abale, ndigaireni nzeru. Mayi wina wa kutchalitchi akugulitsa ma probiotic (mankhwala okhala ndi tizilombo tabwino ta m'matumbo), botolo la mwezi umodzi R850. Akuti autism (vuto limene mwana wanga ali nalo, lovutika kulankhula ndi kucheza ndi anthu) imayambira m'matumbo, ndiye Chisomo akamamwa, n'kusiya buledi ndi mkaka, ayamba kulankhula. Ali ndi zaka 5. Lendi ya ku Rosettenville nayonso ikundidikira.

Bambo a Tadala: Ife tinagula otchipirapo ku famase ya Dis-Chem. Tadala ankadzimbidwa mpaka kulira kuchimbudzi, pano zinapepuka ndipo akugona bwino. Koma kulankhula kuli pomwepo.

aNabanda: Bambo a Tadala anena zenizeni. Ana ambiri a autism amavutikadi m'mimba, makamaka kudzimbidwa. Mwana amene satha kuloza pamene pakumupweteka amaonetsa ndi kukuwa, kudzimenya, kusagona. Mimba ikakhala bwino amakhazikika, anthu n'kumati autism yachira, chonsecho yachira ndi mimba. Autism imachokera m'kakulidwe ka ubongo, ndipo mbali yaikulu ndi yachibadwa. Za kusiya tirigu ndi mkakazo, a Cochrane, gulu la akatswiri a zaumoyo, ataunika kafukufuku mu 2008 anapeza kuti umboni wake ndi wochepa kwambiri.

aPhiri a ku Mayfair: Koma achemwali, kuyesa kwalakwika pati? Kholo silingangokhala manja lende. Kuno ku Joni timawononga ndalama pa zinthu zachabe zambiri, iyi ndi ya mwana.

aNabanda: Amake Chisomo, mwanayo amadya chiyani?

Amake Chisomo: Buledi, yogati, ndi nsima yopanda ndiwo. China chilichonse amalavula.

aNabanda: Mwaona aPhiri? Mukachotsa ziwirizo watsala ndi nsima yokha. Kashiamu wa mafupa amutenga kuti, poti usipa sakhudza? Komanso chimanga chilibe gluten, chinthu cha m'tirigu chimene anthu amapewa posiya buledi, ndiye ufa wodula wopanda gluten wa m'mashopu simukuufuna. Ngati mukukayikira tirigu, akamuyeze matenda a coeliac, omwe thupi limadana ndi gluten, akadali kudya buledi, chifukwa akasiya, magazi amatha kusaonetsa kanthu. Pitani kukiliniki mukapemphe kalata yoti akaonedwe ndi katswiri wa zakudya, kaya ku chipatala cha Rahima Moosa kaya cha Charlotte Maxeke. Zolankhula nazonso zili ndi akatswiri ake. A Autism South Africa angakulozereni kolowera.

Bambo a Tadala: Muonenso kuseri kwa botolo. Mabotolo ambiri amalemba timalemba tating'ono kuti a SAHPRA, bungwe la boma loona za mankhwala, sanawaunike.

aPhiri a ku Mayfair: Kudikira pamzere wa chipatala cha boma mukukudziwa inu. Ine ndikanayesabe mwezi umodzi.

Amake Chisomo: Ndayang'ana chithunzi chimene mayiwo ananditumizira, timalembato tilipodi. Botololo sindigula. Koma zodzimbidwazo Chisomo ali nazo, amatha masiku osapita kuchimbudzi. Ndikapempha tsiku kwa abwana ndipite naye kukiliniki. aNabanda, kalatayo amalemba ndi nesi kapena mpaka dokotala?