Kodi wongoyamba kumene asankhe Linux iti?

Funso: Ndili ndi laputopu yakale ya RAM ya 4 GB, ndipo popeza Windows 10 inasiya kulandira zokonza za chitetezo mu Okutobala 2025, ndikuganiza zosamukira ku Linux, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows. Ndithandizeni, akuluakulu, kodi ndiyambe ndi mtundu uti?

Yankho loyamba: Yambani ndi Linux Mint, makamaka ya maonekedwe otchedwa Xfce, chifukwa ndi yopepuka pa makina akale ndiponso maonekedwe ake sasiyana kwenikweni ndi omwe munazolowera. Inamangidwa pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux, kotero malangizo ambiri olembedwera Ubuntu amagwiranso ntchito pa Mint. Musanaike, ikopereni pa fulashi n'kuyatsa kompyuta kuchokera pamenepo, muone ngati Wi-Fi, mawu ndi pulinta zikugwira, pakuti kuyesa kotereku sikukhudza mafayilo anu.

Yankho lachiwiri: Ine ndingasankhe Ubuntu LTS, yomwe imatuluka zaka ziwiri zilizonse n'kuthandizidwa kwa zaka 5, ngakhale ndikuvomereza kuti pa 4 GB imalemerako. Linux yotchedwa Arch muyambe mwaisiya, imafuna munthu wozolowera kulemba malamulo pa terminal, malo omwe mumalamula kompyuta polemba mawu.

Yankho lachitatu: Sungani kaye mafayilo anu kwina, ndipo mutsegule zikalata zanu za Word mu LibreOffice, pulogalamu yolembera zikalata yomwe imagwira pa Linux, kuti muone ngati matebulo sakusokonekera.