Mwana wamanzere aphunzire gitala ngati Jimi Hendrix?

Akuluakulu odziwa gitala, ndithandizeniko nzeru. Mphwanga ndi wamanzere ndipo watengeka kwambiri ndi Jimi Hendrix, mnyamata wa ku Seattle uja amene anakatchukira ku London mu 1966 n'kumwalira komweko mu 1970 ali ndi zaka 27 zokha. Nayenso Hendrix ankaimba ndi manzere. Ankatenga gitala yamagetsi ya Fender Stratocaster ya anthu amanja, n'kuitembenuza, kenako n'kumanganso nsambo kuti yaikulu ikhale pamwamba.

Ndiye mwanayu akuti nayenso achita chimodzimodzi ndi gitala yomwe tili nayo kunyumba. Ine nkhawa yanga ili pa kachitsulo kapena kapulasitiki kakumutu komwe nsambo zimadutsa: timipata take tinadulidwa molingana ndi kukula kwa nsambo iliyonse. Mukatembenuza, kodi kamafunika kusinthidwa? Nanga timabatani ta voliyumu tikakhala m'munsi mwa mkono, sitisokoneza poimba? Kapena bola angozolowera kuimba ndi manja poti adakali woyamba?

Funso lina ndi la kamvekedwe. Kulira kokalipa kwa mu chimbale cha Hendrix cha Are You Experienced cha 1967 kunkachokera ku fuzz (kachipangizo kochititsa gitala kulira mokhadzula) ndi ma amplifaya a Marshall okwezedwa mpaka pamapeto, zinthu zomwe thumba langa silingakwanitse, komanso aneba sangatilole. Anyamata a Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia, monga Paul Ngozi, anakwanitsa kutulutsa phokoso lofananako m'ma 1970. Pa ndalama zochepa, tiyambe kugula fuzz kapena wah-wah (kachipangizo kopondedwa ndi phazi kochititsa gitala kulira ngati ikuti "wa-wa")?