Secure Boot ikukana kuzima, ndithandizeni

Akuluakulu, ndili pa boma kuno ku Mulanje. Ndikufuna kuika Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows) pa laputopu yomwe ili ndi Windows 11, koma ndikayatsira pa fulashi ikukana, akuti Secure Boot (chitetezo choletsa mapulogalamu osavomerezeka kuyatsa kompyuta) yaletsa. Ndikadina F2 ndikulowa bwinobwino mu BIOS (mosinthira kayatsidwe ka kompyuta), kungoti mzere wa Secure Boot wangoti mbuu, sukudinika. Mnzanga wa ku Chitakale akuti ndiyambe ndaika supervisor password (pasiwedi ya mu BIOS), ndiye utseguka. Ndi zoona zimenezi?

Chikundiopsa kwambiri ndi BitLocker, loko ya Windows yotsekera mafayilo. Ukasintha zimenezi imatha kufunsa kiyi ya manambala 48, pomwe ine kiyiyo sindinaionepo, ndipo m'menemo muli mafayilo onse a kuntchito. Ndingaipeze pati ndisanakhudze chilichonse? Nanga ndikadzayatsanso Secure Boot, Windows idzatseguka ngati kale?