Womvera wandifunsa ngati mvula idzabwerere mwakale

Wa ku Mangochi: Anzanga a pa wailesi, ndithandizeni. Sabata yatha womvera wina anaimba foni kufunsa kuti mafakitale akunja akasiya lero kutulutsa utsi, kodi mvula ibwerera mwakale? Ndinangomuzungulira. Lachisanu ndili ndi mphindi 15 zoti ndimuyankhe. Komanso tipping point, paja nyengo ikasintha kufika poti singabwererenso yokha mwakale, ndiitchula bwanji m'Chichewa?

Wa ku Mchinji: Nenani za mafuwa, achimwene. Mukasolola nkhuni sazizira pompo.

Wa ku Nsanje: Mafuwa akusokeretsani. Pofika madzulo amakhala atazizira, ndiye mlimi aziona ngati ndi nkhani ya chaka chimodzi. Gawo lina la mpweya wa carbon dioxide, womwe umatuluka ndi utsiwo, limakhala mumlengalenga zaka mazanamazana. Mafakitale asanayambe unali pa 280 ppm (magawo 280 pa miliyoni iliyonse ya mpweya), pano wadutsa 420. Ine ndimanena za mabulangete. Mwafunda asanu, thukuta lili kamukamu. Kuleka kuwonjezera ena sikukuvundukulani asanu aja.

Wa ku Mangochi: Ndiye ndimuuze kuti kuzingotentherabe?

Wa ku Nsanje: Pamenepo pondani bwino. Utsi utatheratu, kutentha kungaime pafupi ndi pomwe kwafika, koma osatsika msanga. Zomwe sizingaime ndi nyanja zikuluzikulu. Zameza pafupifupi 90 peresenti ya kutentha kowonjezeraku, ndipo madzi akatentha amafufuma. Zizikwerabe kwa zaka mazana ambiri. Anzathu a ku Beira ndi Quelimane ndiwo ali pamoto.

Wa ku Karonga: Za tipping point musavutike kusaka liwu limodzi, asodzi anu akuidziwa kale. Bwato limapendekeka n'kubwerera, kupendekeka n'kubwerera, mpaka lifike poti lagubuduzika. Likatero, mwera ungaleke bwanji, silidzukanso lokha. Chitsanzo ndi madzi oundana a ku Greenland: akamasungunuka, pamwamba pake pamatsikira kumene mpweya ndi wofunda, ndiye amasungunukanso kwambiri. Atatha onse, nyanja zingakwere mamita pafupifupi 7.

Wa ku Mchinji: Achimwene, mamita 7 amenewo ku Mangochi ndi oopsa. Mukangoti "nyanja", anthu amva yawo yomwe ija inalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo mu 2024. Muziti nyanja yamchere nthawi zonse, apo ayi mafoni sapuma.

Wa ku Mangochi: Eee, mwandipulumutsa, ndikanalakwitsa pomwepo. Bwato ndatenga. Koma mabulangete asanu kuno mu Okutobala, omvera andiseka.

Wa ku Nsanje: Aseke, bola amve. Kuno ndinanena pa wailesi kunja kuli ng'amba, mpaka lero akundifunsa pamsika ngati ndavundukula.