Masters kapena Lifo?

Tadala: Anzanga ndithandizeni nzeru. Amalume a ku Joni anditumizira kandalama, akuti ndione ndekha chochita nako. Mtima wina ukuti ndikalipire masters ya Loweruka ndi Lamlungu ija, wina ukuti ndigule njinga yamoto ya Lifo ndipatse mnyamata azichita kabaza ku Area 25. Digiri ndinatenga 2022, internship ya boma inatha, pano ndikungosesa pakhomo pa amayi.

Chikondi: Lifo basi. Mapepala uli nawo kale, akudyedwa ndi mphemvu mu sutikesi.

Bambo a Mphatso: Mwafulumira a Chikondi. Koma Tadala, masters imakomera munthu amene ali kale pa ntchito. M'boma wa digiri amalowera pa giredi I, ndipo pepala lachiwiri silikukweza lokha. Pamafunika malo apezeke, uitanidwe ku intaviyu, upambane. Ma NGO nawo chomwe amayamba kufunsa ndi zaka zimene wagwira ntchito. Ndiye ukabwera ndi mapepala awiri koma CV yake ndi internship yokha, ena amaopa kuti udzafuna malipiro ambiri, nkutenga wa digiri imodzi.

Mercy: Inu musamufooketse mwana. Ngati akufuna kudzaphunzitsa ku UNIMA, MUBAS, MZUNI kapena LUANAR, popanda masters safika patali. Njinga imatha, sukulu siitha.

Chikondi: Sukulu siitha, koma siigula ufa mawa. Mwaiwala November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Amene anali ndi katundu anaseka, amene anasunga ndalama analira. Komanso a Loans Board, okongoza ophunzira ndalama za sukulu aja, akudikira zawo, adzabweza ndi chiyani?

Esnart: Za kabaza mundifunse ine. Ndinagula njinga, ndinapatsa mwana wa kutchalitchi kwathu, wooneka wofatsa. Mwezi woyamba ankabweretsa ndalama madzulo aliwonse, mpaka ndinayamba kuwerengera ya njinga yachiwiri. Kenako zinayamba: lero mafuta kulibe ndagona pa mzere, mawa a traffic andigwira chifukwa cha helmet, mkuja tcheni chaduka. Tsiku lina anabwera akuikankha, galasi limodzi kulibe, bondo lake atamanga ndi chitenje. Ndinalipira chipatala, ndinalipira makaniko, layisensi nayo kunapezeka kuti analibe. Ndinaigulitsa motchipa.

Chikondi: Ndiye kuti simunasankhe bwino mnyamata, mayi.

Esnart: Aliyense amatero asanagule.

Bambo a Mphatso: Tadala, ungathe kuyendetsa wekha? Phindu la kabaza lili mwa mwini wake akakhala pa chishalo.

Tadala: Eee, ndi gauni ija ndinajambulitsa nayo Facebook yonse? Anthu a kwathu adzati chiyani?

Mercy: Mwaona. Alibe nazo mtima za njingazi. Koma Tadala uwerengere bwino: fizi ndi ya zaka ziwiri, kuonjeza thiransipoti, data ndi ndalama za research. Ya amalume ikwana chaka choyamba chokha, ndiye chachiwiri adzatumizanso?

Tadala: Zimenezo sitinakambe.

Bambo a Mphatso: Yamba wawaimbira usanatenge fomu. Ndikudziwa anthu awiri anasiyira pakati chifukwa chomwecho, ndipo ndalama ya semesita zija sinabwerere.

Chikondi: Akakana, Lifo yofiira ndakuonera kale ku Malangalanga.