Za Citi Golf ija yomwe inkangoterera ponyamuka

Akuluakulu, paja ndinafunsa ngati ndiwonjezere boost (mphamvu ya mpweya umene turbo imakankhira mu injini) kuti Golf yanga idule nthawi pa mamita 402 aja ku Tarlton, bwalo la mpikisano wa liwiro la magalimoto kufupi ndi Krugersdorp ku South Africa. Ambiri munati injini ndiisiye kaye, vuto lili pa matayala. Munanena zoona.

Golf imakoka ndi matayala akutsogolo, ndiye ukangosiya kilatchi kulemera konse kumathawira kumbuyo, kutsogolo n'kupepuka. N'chifukwa chake inkangolira, utsi tolotolo, koma osachoka pamalo. Ndinaika masipiling'i olimba kumbuyo kuti isamakhale pansi ponyamuka, ndinachotsa mpando wakumbuyo ndi tayala la sipeya, kenako ndinagula ma slick (matayala a mpikisano opanda mizere) n'kuwaphwetsako mpweya pang'ono. Chomwe chinadya ndalama kwambiri ndi LSD ya mu giyabokosi (chipangizo chothandiza kuti matayala onse awiri akutsogolo azikoka limodzi), koma sindikudandaula. Kale tayala limodzi lokha ndilo linkasiya mzere wakuda pa tala, pano mizere ikuoneka iwiri yofanana.

Pa kapepala ka nthawi komwe amapereka ukamaliza kuthamanga ndikuyamba kuyang'ana 60 foot, yomwe ndi nthawi ya pa mamita 18 oyamba, chifukwa zimene wapindula pa mamita 18 oyambawo zimakula pofika kumapeto. Yatsika ndithu, ndipo boost sindinaikhudze n'komwe.

Chandivuta tsopano ndi kudumphadumpha kwa matayala m'giya yoyamba. Kwandithyolera kale CV joint yakumanzere (cholumikizira cha shaft yozunguza tayala), girisi mbwee pa msewu. Ndasintha ma mounting a injini (zogwirira injini ku thupi la galimoto) n'kuika olimba, kwachepako koma sikunathe. Amene munadutsamo kale, kodi ndiyambe ndi ma shaft olimba kapena ma bush (timphira ta polumikizira) a ma control arm, zitsulo zogwira matayala ku thupi la galimoto?