Kodi Cash analakwa kutulutsa Snell, kapena tikumuweruza poti anagonja?

Nachisale_Indiana

Akuluakulu amene mumatsata baseball, ndithandizeni. Masewerowa ine ndawadziwira konkuno ku America chifukwa cha anzanga akuntchito, amene mwezi wa October ukangofika sakambanso zina. Ndakhala ndikuonera magemu akale pa YouTube kuti ndizimvako zimene amakangana, ndiye pali imodzi yandiimika mutu: gemu ya nambala 6 ya World Series (mndandanda wa magemu olimbirana chikho, imene yapambana 4 ndiyo imachitenga) ya 2020, Tampa Bay Rays ndi Los Angeles Dodgers, ku Arlington, Texas.

Dodgers anali atapambana magemu 3, Rays 2. Ndiye kuti Rays akagonja tsikulo, chikho chapita. Koma iwo ndi amene ankatsogola 1-0, Randy Arozarena atamenya home run (mpira wouluka kutuluka m'bwalo) mu inning yoyamba (gemu imakhala ndi zigawo 9 zotchedwa inning). Woponya wawo, Blake Snell, anali pamoto. Ma strikeout 9 (kubweza womenya ataphonya katatu), walk palibe (kumupatsa womenya base yaulere), mipira imene anali ataponya 73 yokha. Mu inning ya 6, womenya mmodzi wa Dodgers atabwezedwa kale, Austin Barnes anamenya kampira kongomufikitsa pa base yoyamba. Basi, kochi wa Rays, Kevin Cash, uyo akubwera kudzamulanda mpira. Kamera inamuonetsa Snell akutembenukira kumbali, milomo ikuyankhula mawu oti sindingalembe pano.

Chimene chikundipweteka n'chakuti otsatira kumenya anali Mookie Betts, Corey Seager ndi Justin Turner, ndipo atatu onsewo Snell anali atawabweza ndi strikeout kawiri aliyense. M'malo mwa Snell analowa Nick Anderson. Betts anamenya double (mpira womufikitsa pa base yachiwiri), Barnes analowa kunyumba n'kupeza run (chigoli) Anderson ataponya mpira wosokonekera, kenako Betts nayenso analowa. 2-1 pa mphindi zochepa. Gemu inatha 3-1, Dodgers n'kutenga chikho chimene anachimenya komaliza mu 1988.

Kwa ine zili ngati kutulutsa goloboyi amene wagwira mapenate awiri, chifukwa choti wagwetsa kona imodzi. Ndipo mu baseball wotuluka sabwereranso. Nanga munthu wa nzeru zake angachite zimenezi bwanji?

Mlauzi_wa_Manambala

Achemwali, mwaionera bwino gemuyo, koma Cash sanadzuke nazo m'mawa umenewo. Rays ndi timu ya ndalama zochepa, ndipo inafika pamenepo chifukwa chotsata manambala osayang'ana nkhope. Chimodzi mwa zimene amakhulupirira n'chakuti womenya akakumana ndi woponya yemweyo kachitatu pa gemu imodzi, amakhala ataiona kale mipira yake yonse, mmene ikukhotera ndi liwiro lake, pamene woponyayo mkono wayamba kulemera. Betts ankabwera kachitatu. Imeneyo ndiyo nkhani yake, osati kampira ka Barnes.

Muonerenso gemu ya nambala 2 ya World Series yomweyo. Snell anadutsa ma inning 4 osamenyedwa ngakhale kamodzi, aliyense akuti lero ndi lero. Mu inning ya 5 anapereka walk, Chris Taylor n'kumenya home run, ndipo sanaimalize inning imeneyo. Chaka chonse cha 2020 panalibe gemu imene Snell anamaliza ma inning 6. Cash anachita zomwe anachita chaka chonse, zomwe zinawafikitsa ku World Series. Akanasintha tsiku lomaliza, bwenzi tikumunena kuti ananjenjemera.

Gogo_Fenway

Mwanawe Nachisale, ife a Boston tinalira maliro a mtundu winawo. Mu October 2003, gemu ya nambala 7 yolimbirana malo a ku World Series, ndi New York Yankees ku Yankee Stadium. Red Sox tikutsogola 5-2 mu inning ya 8, woponya wathu Pedro Martínez atadutsa kale mipira 100. Derek Jeter anamenya double, Bernie Williams n'kumulowetsa. Kochi Grady Little anapita pa mound (poimirira woponya), tonse tinati eya, akumutulutsa. Anangoyankhula naye n'kubwerera yekha, kumusiya Pedro pompo. Hideki Matsui double, Jorge Posada kampira kogwera pakati pa anthu, 5-5. Mu inning ya 11 Aaron Boone anamumenya Tim Wakefield home run, ife n'kupita kukagona ndi njala. Little sanamuwonjezerenso kontrakiti.

Ndiye uyu anakhulupirira maso ake ndi mtima wa mnyamata wake, ntchito inatha. Terry Collins wa New York Mets nayenso mu World Series ya 2015 anamvera woponya wake Matt Harvey atakakamira kuti amalize inning ya 9 akutsogola 2-0, Kansas City Royals n'kubweza zonse ndi kutenga chikho usiku womwewo. Zimenezi makochi a masiku ano anakula akuziona. Musadabwe akamathamangira ku bullpen, kumene kumadikira oponya olowa m'malo.

Nachisale_Indiana

Zikomo agogo, za Pedro sindinkazidziwa. Koma a Mlauzi, ndikukanirani pang'ono. Pedro anali atatopa, aliyense akuona, akumenyedwa motsatizana. Snell anali pa 73, mpira wake ukadali ndi ukali. Manambala mukunenawo ndi a oponya onse kuwaphatikiza pamodzi, abwino ndi oipa, tsiku labwino ndi loipa. Sakunena za munthu uyu, amene anapatsidwa Cy Young, mphoto ya woponya wopambana, mu 2018, pa usiku umene Betts sankauona n'komwe mpira wake. Ngati kochi sangasinthe pulani chifukwa cha zimene zikuchitika pamaso pake, amakhaliranji mu dugout, pabenchi paja? Akanangotumiza pepala.

Chimwemwe_Toronto

Ine ndikuona kuti nonse mukuyang'ana amene anatuluka, pamene vuto linali amene analowa. Anderson mu season anali chilombo, ERA yake (ma run amene amapereka pa ma inning 9) inali 0.55 yokha. Koma pofika October anali ataphwa. Magemu 6 otsatizana a playoff asanafike usiku umenewo, paliponse pamene walowa ankapereka run, ndipo iyi inakhala ya 7. Cash ankamulowetsa pafupipafupi, nthawi zina kupitirira inning imodzi, ndipo zinkaoneka kuti mkono wafooka. Kumayambiriro kwa 2021 anapezeka ndi vuto la mtsempha wa pachigongono.

Chinanso: Snell ndi wamanzere, Anderson ndi wamanja. Chaka chimenecho Betts ankavutika ndi oponya amanzere, amanja ndiye ankawadya osatafuna. Ndiye mwachotsa wamanzere amene wamugonjetsa kawiri, n'kumupatsa wamanja wotopa. Manambala omwewo a Mlauzi akanamuuza Cash kuti ayi. Komanso 2020 ndi chaka chimene linayamba lamulo loti woponya akalowa akumane ndi omenya atatu, pokhapokha inning itatha. Anderson atangomenyedwa ndi Betts, Cash analibe pothawira, anayenera kumusiya akumane ndi Seager ndi Turner.

Kuno ku Toronto timakumbukira za 2016, gemu ya wild card, ya mpiringu woyamba wa playoff, wogonja n'kutuluka, Toronto Blue Jays ndi Baltimore Orioles. Buck Showalter wa Baltimore Orioles anali ndi Zach Britton, woponya wotsekera gemu timu ikamatsogola, amene chaka chimenecho anateteza magemu 47 osataya ngakhale imodzi. Anamusunga kudikira kuti atsogole kaye. Mu inning ya 11 analowetsa Ubaldo Jiménez, Edwin Encarnación n'kuutumiza mpira kunja, 5-2. Britton anapita kutchuthi osaponya mpira ndi umodzi womwe. Ife sitinadandaule ayi.

Mlauzi_wa_Manambala

Za Anderson ndavomera, a Chimwemwe. Diego Castillo analipo mu bullpen, mwina akanakhala iye. Koma palibe amene akutchula Dave Roberts, kochi wa Dodgers. Gemu ya Snell yomweyo iye anatulutsa woponya wake woyamba, Tony Gonsolin, mu inning ya 2, n'kugwiritsa ntchito oponya 7, womaliza Julio Urías. Anadula msanga kuposa Cash, koma poti anapambana, palibe akumufunsa. Rays anapeza run imodzi usiku wonse, n'kubwezedwa ndi ma strikeout 16. Snell akanakhala mpaka inning ya 9, anafunikabe kuti asalakwitse ngakhale mpira umodzi.

Nachisale_Indiana

Chabwino, za run imodziyo n'zoona, ndipo Betts anamenyanso home run mu inning ya 8 kwa Pete Fairbanks, osati kwa Anderson. Komabe ine ndikanamusiya Snell akumane ndi Betts yekhayo, akamenyedwa ndiye ndimutulutse. A Chimwemwe, gemu ya Britton ija ilipo yonse pa YouTube? Ndikufuna ndione chimene Showalter ankachita mu inning ya 11.